Mutu 6: Kaputeni Adwala

1. Ntchito ya Loweruka

Hidde atagonekedwa m'chipatala, anasiyira mlongo wake Jildou ntchito imodzi yokha: kusamala Kaputeni.

Kaputeni anali nsomba yofiira ngati lalanje lakupsa, yaikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, yamchira wautali wotambalala. Ankakhala m'thanki yagalasi pafupi ndi zenera la kuchipinda kwa Hidde. Nsombayo anagula ndi bambo awo chaka chomwe anamwalira, Hidde ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tsopano Hidde anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Jildou khumi ndi zitatu, ndipo Kaputeni anali atakula nawo pamodzi m'nyumbamo.

Ngozi inachitika m'mawa wina wozizira kwambiri. Hidde akupalasa njinga kupita kusukulu, galimoto inaterereka pamsewu wa m'tauni mwawo mwa Dokkum n'kumuwomba. Mwendo wakumanzere unathyoka patatu.

"Uzimupatsa chakudya kamodzi patsiku, pang'ono chabe," anatero Hidde ali gone pabedi la kuchipatala. "Zina zonse usakhudze. Ndidzachita ndekha ndikabwera."

Koma masabata anapitapo asanu ndi limodzi. Galasi la thanki linayamba kubiriwira ndi ndere, miyala yapansi inada. Amayi atabwera ndi uthenga wakuti madokotala amutulutsa Hidde pakatha masabata atatu, Jildou anayang'ana thankiyo n'kupukusa mutu. Mchimwene wake adzafikire pa uve woterewu?

Loweruka, amayi ali kuntchito kophikira buledi, Jildou anapinda manja a juzi yake. Anaika Kaputeni m'ndowa. Madzi onse a m'thanki anataya. Miyala anaikwecha ndi burashi. Kenako anatsegula kamakina kosefa madzi, napezamo siponji yakuda bii, yonunkha matope. Anaichapa ndi sopo ndi madzi otentha mpaka inayera. Pomaliza anadzaza thanki ndi madzi ozizira a kumpopi, n'kubwezeramo Kaputeni.

Galasi linali waliwali. Jildou anadzitamanda yekha.

Lolemba Kaputeni anakana kudya. Lachiwiri anali kuyandama pamwamba, kukamwa kuli yasa yasa ngati wofuna mpweya. Lachitatu masana, Jildou atabwera kusukulu ndi mnzake Imke, anamupeza atagona pansi pa thanki, zipsepse atazipinda, mchira uli ndi mizere yofiira ngati magazi.

2. Nzeru za Imke

"Wafa?" anafunsa Imke, mphuno itagunda galasi.

"Akupuma. Taona m'mbali mwa mutumo, mukugunda."

"Akupuma lero. Mawa sindikudziwa." Imke anakhala pabedi la Hidde n'kuponya siwiti yakuda m'kamwa. "Wamutani kodi?"

Jildou anafotokoza zonse.

"Aaa, ndiye ukulirira chiyani? Kusitolo ya ziweto zofiira zoterezi zili mbwee. Tiye pompano, tikasankhe yofanana naye. Uyu timuchotse, watsopanoyo alowe. Hidde akamabwera apeza Kaputeni wake ali gwa, akusambira."

"Adziwa."

"Adziwa bwanji? Nsomba ili ndi nkhope? Ili ndi chiphaso?"

"Kaputeni amadya pachala pa achimwene. Akangomva mawu awo amabwera pagalasi."

"Udzati wamuiwala chifukwa chotalikirana. Iwe Jildou, munthu wathyoka mwendo, ukufuna umuthyolenso mtima? Bodza lina n'lachifundo, mnzanga."

Jildou anachoka pa thanki. Anavala jekete. Imke anadumpha pabedi mokondwa, nayenso n'kuvala yake. Anatuluka, namasula njinga zawo.

Koma atafika pageti, Jildou anaima. Pazenera la nyumba yoyandikana nayo panali kuwala kobiriwira kwa mathanki a Bambo Rinsma, mkulu amene anagwira ntchito yoyeretsa madzi a m'tauni zaka makumi atatu asanapume. Ana ambiri ankawaopa chifukwa cha nsidze zawo zazikulu ndi mawu awo aukali.

"Pita kwanu, Imke," anatero Jildou. "Ine ndikugogoda apa."

"Kwa achimkulu okalipa aja? Akudya wamoyo!"

"Andidye."

3. Mawu a Bambo Rinsma

Bambo Rinsma anamvetsera ali chiimire pakhomo, kapu ya khofi ili m'manja. Jildou atatchula za sopo, anatseka maso ngati wawaponda chala. Sanakalipe. Anaika kapu pansi, natenga kabokosi ka timabotolo, n'kuvala nsapato.

Atafika kuchipinda kwa Hidde anagwada pamaso pa thanki nthawi yaitali. Kenako anatunga madzi pang'ono m'kabotolo, nadonthezamo mankhwala. Madziwo anasanduka obiriwira kwambiri.

"Waona? Akanakhala abwino akanaoneka achikasu. Awa ndi madzi a poizoni."

"Komatu ndi oyera, a Rinsma. Ndinatunga kumpopi."

"Khala pansi, mwanawe, ndikuuze. Maso amanamiza. Nsomba imadya m'madzi, imapuma m'madzi, imadzithandizanso m'madzi momwemo. Zoipa zakezo zikachuluka zimaiwotcha ngati moto. Tsono m'siponji yakuda ija, imene iwe unaiona ngati uve, munkakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso. Ntchito yake n'kudya poizoniyo usana ndi usiku. Tizilomboto tinakhazikika mmenemo zaka zisanu ndi zinayi. Iwe watipha tonse tsiku limodzi, ndi sopo. Kuwonjezera apo wamuponya m'madzi ozizira mwadzidzidzi. Sindikukunena kuti ndiwe woipa, ayi. Unachita mwachikondi. Koma chikondi chosafunsa chimapweteka. Safunsa anadya phula. Ine ndili panyumba yachiwiri pomwepa, tsiku lonse ndimangokhala ndi nsomba zanga. Ukanangogogoda."

Jildou anagwetsa nkhope. Misozi inadontha pa mawondo.

"Achira?"

"Sindikulonjeza. Ndakhala ndi nsomba zaka makumi anayi, zina ndapulumutsa, zina zandifera m'manja. Koma uyu ndi wamphamvu. Akanakhala wofooka bwenzi atapita dzulo."

"Mnzanga amati ndigule ina yofanana."

Nsidze za Bambo Rinsma zinakumana. "Imeneyo ndi njira yachidule, ndipo ambiri amadzera yomweyo. Koma tamvera. Ukagula ina n'kuiika m'madzi omwewa, nayonso ifa, chifukwa vuto si nsomba, ndi madzi. Ukatero ugulanso yachitatu? Ndipo ngakhale itakhala moyo, tsiku lililonse mchimwene wako akamayankhula nayo, iwe uzidzayang'ana kumbali. Bodza lili ngati chiweto, limafuna kudyetsedwa m'mawa uliwonse, ndipo silikhuta. Nsombayi mwini wake alipo. Ayenera kudziwa lero, nsomba ikadali moyo, osati mawa itafa. Ine ndikuphunzitsa kusamala madzi. Zouza Hidde ndi zako."

Anapita kwawo n'kubwera ndi chidutswa cha siponji yakuda yochokera m'thanki yawo. Anachilowetsa m'kamakina kosefa kaja. "Mbewu ya tizilombo iyi. Ichulukana, koma pang'onopang'ono." Anaikanso kapaipi kotulutsa thovu la mpweya, nathira mchere wa nsomba pang'ono, n'kuzimitsa nyali ya pathanki kuti wodwala apumule.

"Tsiku lililonse uzichotsa ndowa ziwiri za madzi, uzithiramo ziwiri zatsopano. Zisazizire, zisatenthe, zizifanana ndi za m'thanki. Uziyeza ndi kagalasi koyezera kutentha aka. Pothira uzithira ngati ukuthirira khanda, osati kukhuthula. Chakudya ayi, mpaka ine nditanena."

"Osadya? Safa ndi njala?"

"Njala ya sabata siipha nsomba. Chimene chimapha n'chifundo cha anthu osapirira."

4. Foni

Madzulo amayi atabwera, Jildou anawauza zonse asanavule n'komwe chikhoto. Amayi anakhala pampando wa kukhitchini, nausa moyo.

"Ndimuuze ine?" anafunsa.

"Ayi, Amayi. Ndinalakwa ndine."

Anaimba foni. Hidde anayankha mwansangala. "Chemwali! Wandikumbuka lero? Kuno atipatsanso mbatata zophwanya zopanda mchere. Ukadzabwera udzandibisire tchizi m'thumba."

"Achimwene, Kaputeni akudwala kwambiri. Ndamudwalitsa ndine."

Ananena zonse, osasiyako kanthu, ngakhale za sopo. Kumbali inayo kunkangomveka kulira kwa kamakina ka m'chipatala.

"Ndinati usakhudze," anatero Hidde potsiriza, mawu ali otsika.

"Munatero."

"Chinthu chimodzi chokha, Jildou. Chimodzi."

Foni inaduka.

Jildou anakhala ataigwira m'manja. Amayi anabwera n'kumukumbatira kumbuyo, fungo la buledi likadali m'zovala zawo. "Musiye akwiye," anatero. "Munthu wogona pabedi masabata asanu ndi limodzi alibe pena potayira mkwiyo. Iwe chita mbali yako."

5. Masiku a ndowa

Kuyambira tsiku limenelo, belu lotulukira kusukulu likangolira, Jildou ankapalasa njinga molunjika kunyumba. Sabata imeneyo kunazizira kwambiri moti ngalande za m'tauni zinaundana, ndipo ana onse a m'kalasi mwake ankathamangira kukatsetsereka pa madzi oumawo.

"Nesi wa nsomba!" anamukuwira mnyamata wina. "Wodwala wako wamubaya jakisoni?"

Jildou sanacheuke.

Ntchito yake inali yomweyo tsiku ndi tsiku. Kukoka madzi akale ndi paipi, kunyamula ndowa kupita kubafa, kusakaniza otentha ndi ozizira mpaka kagalasi kaloze pamalo pake, kuthira pang'onopang'ono ndi kapu. Akatha ankayeza madzi ndi mankhwala aja, n'kujambula Kaputeni pafoni, n'kutumizira Hidde chithunzi ndi mawu ochepa. "Lero wagonabe." "Lero wagwedeza mchira kawiri." Hidde ankaona zithunzizo, koma sankayankha.

Lamulungu zinafika poipa. Kaputeni anagona cham'mbali, nsonga za mchira zitayamba kunyenyeka ngati nsalu yakutha. Amayi anapita okha kuchipatala. Jildou anathamangira kwa Bambo Rinsma.

"Tithire mankhwala ena! Tisinthe madzi onse! Tichitepo kanthu!"

"Tachita kale," anatero mkuluyo atayang'anitsitsa. "Taona kabotolo. Dzana kanali kobiriwira ngati msipu, lero kayamba kuyezuka. Madzi akuchira. Thupi limatsatira pambuyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphera nsomba zawo. Amaona kuti zachedwa, amathira ichi, amathira icho, wodwala n'kulephera kupirira. Kudwazika si kuthamangathamanga, mwanawe. Nthawi zina n'kukhala pafupi, manja uli utapinda, mtima ukuwawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi a kunyumba kwanga atadwala ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Ndinkangoyendayenda kufunsa madokotala, pomwe iwo ankangofuna ndikhale pampando ndiwagwire dzanja."

Anatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta magalasi awo, ngakhale anali oyera kale.

Jildou anakoka mpando, nakhala pafupi ndi thanki. Anatenga buku la kusukulu n'kuyamba kuwerenga mokweza, monga ankachitira Hidde pokonzekera mayeso. Anawerenga za mitsinje ya ku Ulaya mpaka mawu anasasa.

Lolemba masana kunamveka kugogoda. Anali Imke, masaya ali psuu ndi mphepo.

"Ndabwera kudzaona maliro," anatero. Kenako anaona nkhope ya mnzakeyo, nachita manyazi. "Ndikuseka, iwe. Ndowa ina ili kuti? Ndinyamuleko."

Tsiku lomwelo foni ya Jildou inalira. Unali uthenga wa Hidde, woyamba chikwiyireni: "Amakonda ukamagogoda galasi kawiri ndi chikhadabo. Pang'ono, osati ngati ukugogoda chitseko."

6. Nsawawa imodzi

Lachitatu Kaputeni anadzuka pamiyala n'kuima chilili m'madzi, ngakhale ankapendama ngati woledzera. Lachinayi madzi a m'kabotolo anaoneka achikasu. Bambo Rinsma anakayang'anira pazenera kuti atsimikize, n'kugwedeza mutu.

"Wiritsa nsawawa imodzi. Uisende khungu, uiphwanye pakati. Tione ngati ali ndi mtima wofuna kukhala."

Jildou anabwera nayo pa kambale. Imke anaima kumbuyo kwake atakonzeka kujambula. Jildou anagogoda galasi kawiri ndi chikhadabo, nalowetsa zala m'madzi, kachidutswa ka nsawawa kali pansonga.

Poyamba sipanachitike kanthu. Madzi ankamuziziritsa dzanja. Kenako chipsepse cha pamsana pa Kaputeni, chimene chinali chopindika sabata yonse, chinadzuka pang'onopang'ono. Anatembenuka. Anakwera mwaulesi, napumira panjira, nakweranso. Jildou anamva kakamwa kofewa kakugunda chala chake, kamodzi, kawiri. Nsawawa inapita.

"Wadya!" anakuwa Imke. "A Rinsma, wadya!"

"Ndili ndi maso, mtsikana iwe, usagwetse nyumba," anatero mkuluyo, koma mawu awo anali atasintha. Anaika dzanja paphewa la Jildou. "Mchirawo umera, ungotenga miyezi. Ndowa upitirize, koma tsopano kamodzi pa masiku atatu. Wagwira ntchito, mwanawe."

Jildou anangokhala chigwadire, dzanja likudontha madzi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

7. Kuchipatala

Lamulungu lotsatira anakwera basi ndi amayi kupita kuchipatala cha mumzinda. Anapeza Hidde atakhala pabedi, atawonda, tsitsi litakula mpaka m'maso. Amayi anamupsompsona pamphumi n'kutuluka kukafunsa anamwino za tsiku lotuluka.

Awiriwo anatsala okha. Jildou anatulutsa tchizi m'thumba la jekete n'kuika pabulangete.

"Chiphuphu?" anafunsa Hidde.

"Chipepeso."

Hidde anamwetulira pang'ono. "Kanema wa Kaputeni akudya uja ndamuonera kosawerengeka. Anesi onse amuona. Kaputeni sanadyepo pachala cha munthu wina, ukudziwa? Ngakhale Amayi amawakana."

"Pepani, achimwene."

"Nanenso pepa. Ndinakudulira foni ngati mwana. A Rinsma anandiimbira, anandiuza kuti panali nzeru zogula ina." Anayang'ana kudenga. "Ndikanadziwa tsiku loyamba lomwe. Ndipo sindikanakukhulupiriranso pa chilichonse. Bwera kuno, nesi wa nsomba."

Anamukoka n'kumusokoneza tsitsi. Jildou, pofuna kukhala bwino pabedipo, anatsamira mwendo wovulala uja pang'ono chabe. Hidde anakuwa, nkhope n'kuyera ngati pepala.

"Chavuta n'chiyani?"

"Palibe."

"Achimwene, mukutuluka thukuta."

Hidde anayang'ana kuchitseko. Kenako anakweza bulangete mwachangu. Pamwamba pa bandeji, khungu linali lofiira, lotupa, lonyezimira. Jildou atayandikitsa dzanja anamva kutentha asanakhudze n'komwe.

"Zayamba dzulo madzulo, atangomaliza kumanga bala," ananong'ona Hidde. "Sindinawauze. M'mawa ndinati ndikufuna kugona, asandivundukule. Akaona izi sanditulutsa Lachisanu, andibwezera kumpeni, ku opaleshoni. Jildou, masabata asanu ndi atatu ndili muno. Sindingathenso. Mwina ziphwa zokha." Anamugwira dzanja mwamphamvu. "Iwe wandiuza zako, ine ndakuuza zanga. Lonjeza kuti suwauza Amayi."

Panja pa chitseko panamveka mawu a amayi akuseka ndi namwino, akuyandikira. Hidde anagwetsa bulangete, osamusiya dzanja.

"Lonjeza, chemwali."

Chitseko chinatseguka.

"Nkhani yabwino, ana inu!" anatero amayi, nkhope ikuwala. "Akuti Lachisanu m'mawa tikumutenga." Kenako anaima, nayang'ana mwana wawo wamkazi. "Jildou, bwanji nkhope yagwa choncho? Chachitika n'chiyani?"